Maphunziro opitiriza a akatswiri a za kamvedwe: zimene zasintha ndi zimene zikudikira khonsolo

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2021, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lake loyamba lokhudza kamvedwe ka anthu. M'lipotilo munali kusintha kumene anthu ambiri a kunja kwa chipatala sanakuzindikire: malire osiyanitsa munthu womva bwino ndi munthu amene ali ndi vuto la kumva anasunthidwa. Mphamvu ya mawu imayezedwa m'madesibelo. Kunong'ona kumakhala pa madesibelo pafupifupi 30, pamene kucheza kwa anthu awiri okhala moyandikana kumakhala cha m'ma 60. Poyeza khutu, katswiri amafufuza mawu otsikitsitsa amene khutulo lingathe kumva, kotero nambala ikakula ndiye kuti khutulo likufuna mawu okwera kwambiri kuti limve. Kale munthu ankawerengedwa kuti akumva bwino nambalayi ikakhala yosapitirira 25, koma tsopano iyenera kukhala yochepera 20. Kale munthu wamkulu ankatengedwa kuti ali ndi vuto lomusokoneza pa moyo wa tsiku ndi tsiku khutu lake lomva bwinopo likapitirira 40, koma tsopano malirewo ali pa 35. Munthu wosamva khutu limodzi lokha, amene m'kaundula wakale analibe malo, anapatsidwa gulu lakelake.

Kusiyana kwa madesibelo asanu kumaoneka kochepa papepala. Komatu mayi wogulitsa pamsika, amene khutu lake lomva bwinopo lili pa 37, akhoza kuuzidwa zinthu ziwiri zosiyana ndi akatswiri awiri oyezera makina amodzimodzi. Katswiri amene anatseka mabuku tsiku limene analandira setifiketi adzamuuza kuti vutolo n'laling'ono, abwerere kwawo. Amene akutsatira zimene zikusintha adzadziwa kuti mayiyo ndi mmodzi mwa anthu oyenera kuganiziridwa chipangizo chothandizira kumva, ndipo adzamufunsa kuti ndi kangati pamene walakwitsa chenji kaamba kosamvetsa zimene wogula wanena. Apa ndi pamene pagona nkhani ya maphunziro opitiriza, ndipo ndi nkhani yokhudza khonsolo, chifukwa chipatala cha boma ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera zili m'manja mwake.

Ntchito yatsopano, antchito ochepa

Akatswiri a za kamvedwe, amene kuchipatala amadziwika kuti ma audiologist, si madokotala a opaleshoni. Ntchito yawo ndi kuyeza kamvedwe, kupeza mbali ya khutu imene yavuta, kusankha ndi kuchuna zipangizo zothandizira kumva, ndiponso kuyenda limodzi ndi munthuyo ndi banja lake mpaka atapeza njira yomvana ndi anzake. Lipoti la WHO lija linanena kuti anthu 430 miliyoni padziko lapansi akufunika thandizo lotere, koma m'mayiko osauka 93 peresenti mulibe ngakhale katswiri mmodzi pa anthu miliyoni imodzi.

M'Malawi muno ntchitoyi ndi yatsopano. Kwa zaka zingapo dziko lonse linkadalira dokotala mmodzi yekha wa maopaleshoni a makutu, mphuno ndi pakhosi, Pulofesa Wakisa Mulwafu wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuyambira cha m'ma 2010 ndi pamene kunayamba kuoneka kusintha: kiliniki ya za kamvedwe inatsegulidwa pa African Bible College ku Lilongwe, ina pa Queen Elizabeth, Amalawi oyamba anakaphunzira ntchitoyi ku University of Manchester ku England, kenaka African Bible College inayamba kuphunzitsa digiri yake. Sukulu ya Malawi College of Health Sciences nayo inayamba kusula ma clinical officer a za makutu, mphuno ndi pakhosi, amene ndiwo amapezeka m'zipatala zina za maboma. Poyerekeza ndi kufunika kwake, chiwerengerochi chikadali chochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse aulumali, 24 anali ndi vuto la kumva, ndipo kafukufuku amene anachitika ku Ntcheu anapeza vutoli mwa munthu mmodzi pa atatu alionse a zaka 50 kupita m'tsogolo.

Kuchepa kumeneku kumasintha tanthauzo la maphunziro opitiriza. Kumayiko kumene akatswiri ndi ochuluka, wina akatsalira pa nzeru zakale, wodwala amapita kwa mnzake. Kuno katswiri mmodzi ndiye amaphunzitsa clinical officer, clinical officer n'kuphunzitsa namwino wa kusikelo, namwino n'kuphunzitsa mlangizi wa zaumoyo. Chimene chalakwika kumtunda chimatsetsereka mpaka kumudzi. Bungwe la Medical Council of Malawi limafuna umboni wa maphunziro opitiriza kwa amene limawalembetsa, koma mapointsi olembedwa m'kabuku ndi gawo laling'ono chabe la nkhaniyi. Chachikulu ndi chakuti aphunzira chiyani, ndipo chafika kwa yani.

Mankhwala ndi matenda sizili monga kale

Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, kodzaza ndi madzi, momwe muli timaselo ta ubweya timene timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaselo timeneti tikafa sitiphukanso. Mankhwala ena opulumutsa moyo amatipha. Mpaka cha m'ma 2018, odwala TB yosamva mankhwala ankabayidwa jakisoni wa kanamycin kapena capreomycin pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, ndipo ambiri anachira chifuwa koma anatuluka m'chipatala osamva. Vutoli linkayamba ndi kulira kwa m'makutu ndi kutayika kwa mawu osongoka, wodwala asanazindikire kanthu. M'chaka cha 2018 WHO inalangiza kuti majakisoni awiriwa asiyidwe, ndipo m'malo mwake munabwera mankhwala akumwa monga bedaquiline. Katswiri amene anaphunzira kusinthaku kusanachitike anaphunzitsidwa kulondera makutu a odwala amene ali pa jakisoni. Lero ntchito yaikulu ndi kufunafuna amene anamaliza majakisoniwo zaka zapitazo, amene mayina awo ali m'mabuku a ofesi ya TB koma palibe anawaitanapo kudzayezedwa makutu. Jakisoni wa amikacin akadagwiritsidwabe ntchito pa odwala ena ochepa, ndipo malangizo ake ndi akuti kamvedwe kawo kaziyezedwa nthawi yonse ya chithandizo.

Pa malungo aakulu, artesunate analowa m'malo mwa kwinini, amene ankaliza makutu ndi kuchepetsa kumva kwa kanthawi. Gentamicin, amene ali m'banja limodzi ndi kanamycin, akadali mankhwala odalirika kwa makanda odwala kwambiri, ndipo palibe chifukwa choopsezera makolo. Chofunika ndi mlingo wogwirizana ndi kulemera kwa khanda, masiku osapitirira amene analembedwa, ndi mzere umodzi m'buku la kuchipatala wokumbutsa kuti mwanayo adzayezedwe makutu. Cisplatin, mankhwala a khansa, nawonso ali m'gulu lomweli.

Katemera wasinthanso chithunzi cha matenda. Dziko lino linayamba kupereka katemera wa Hib m'chaka cha 2002, wa chibayo mu Novembala 2011, ndi wa chikuku ndi rubella mu 2017. Awiri oyambawo amateteza ku tizilombo timene timayambitsanso matenda oumitsa khosi, ndipo rubella ikagwira mayi woyembekezera mwana akhoza kubadwa wosamva. Matenda oumitsa khosi sanatheretu, ndipo pali mfundo imodzi yokhudza matendawa imene aliyense wogwira ntchito kuwodi ya ana ayenera kuidziwa. Mwana akachira, kachiwalo konga nkhono kaja kakhoza kuyamba kudzaza fupa m'milungu kapena miyezi yochepa. Kakatero, opaleshoni yoika chipangizo cha cochlear implant mkati mwa khutu imavuta kapena kulephereka kumene. Maopaleshoni oterewa achitikapo kale ku Queen Elizabeth, choncho kuchedwa kutumiza mwana kumamutayitsa mwayi umene ulipodi. Mwana aliyense wochira matendawa ayenera kuyezedwa makutu asanatuluke m'chipatala kapena atangotuluka.

Vuto limene limafika kawirikawiri pa chipatala chaching'ono ndi khutu lotuluka mafinya. Nembanemba ya m'khutu imakhala itabooka, ndipo mafinya amatuluka, kusiya, n'kuyambiranso kwa zaka zambiri, mpaka makolo kuzolowera. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti kupukuta khutu kuti liume n'kudontheza mankhwala a ciprofloxacin kumathandiza kuposa kumwa mapiritsi okha, ndipo madontho a m'banja la gentamicin ayenera kusamalidwa pa khutu lobooka chifukwa akhoza kulowa mkati n'kuwononga kumva. Nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, mafuta ophikira ndi madzi a zitsamba zimangowonjezera vuto. Palinso kusamva kwadzidzidzi, pamene munthu amadzuka m'mawa khutu limodzi litatseka. Nthawi zambiri amauzidwa kuti ndi phula, akathire mafuta, abwere mwezi wamawa. Ngati m'khutumo mulibe phula kapena madzi, imeneyo ndi ngozi yofunika mankhwala a steroid m'milungu iwiri yoyambirira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Apa wosafunsa amanamizira phula, ndipo wotaya khutu ndi wodwala.

Khanda limene lapambana mayeso koma silikumva

M'chaka cha 1978 wasayansi wa ku London, David Kemp, anapeza kuti khutu labwino likalandira mawu limabweza kamawu kakang'ono kamene makina angathe kukajambula. Kumeneko ndi kumene kunachokera kachipangizo ka OAE, kamene kamayeza khanda m'mphindi zochepa lili mtulo. N'kosavuta kugwiritsa ntchito moti namwino akhoza kukaphunzira msanga, ndipo chifukwa cha zimenezo kamakhulupiriridwa mopitirira muyezo. M'chaka cha 1996 madokotala anafotokoza vuto lina lotchedwa auditory neuropathy, limene kachiwalo konga nkhono kamagwira ntchito koma uthenga umasokonekera panjira yopita ku ubongo. Khanda lotere limapambana mayeso a OAE, mayi n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino, koma mawu amafika mu ubongo mwake ngati wailesi imene sinagwire bwino siteshoni. Vutoli limapezeka kwambiri mwa makanda obadwa masiku osakwana ndi amene anadwala chikasu chachikulu, ndiye kuti makanda omwewo amene amadzaza chipinda cha ana obadwa kumene pa chipatala cha boma. Oterewa amafunika mayeso ena otchedwa ABR, amene amatsata uthengawo mpaka ku ubongo. Namwino amene anangophunzitsidwa kudina batani sangadziwe zimenezi pokhapokha katswiri amene anamuphunzitsa atabweranso.

Akatswiri padziko lonse amatsata lamulo la 1, 3 ndi 6: khanda liyezedwe lisanakwanitse mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe lisanakwanitse miyezi itatu, thandizo liyambe lisanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Chifukwa chake n'chakuti ubongo umaphunzira chiyankhulo mosavuta m'zaka zoyambirira za moyo, ndipo zaka zimenezi zikadutsa mwana alibe chiyankhulo chilichonse, cha pakamwa kapena chamanja, kubwezeretsa kumakhala kovuta. Mmera mpoyamba. Kumene kulibe makina, sikelo ndiye malo ofunsira mafunso: kodi mwana amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kodi pa miyezi isanu ndi umodzi amatembenukira kumene kukuchokera mawu, kodi pofika chaka wayamba kubwebweta ndi kutchula mawu oyamba? Kuwomba m'manja pamaso pa mwana si mayeso, chifukwa mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso ndipo amamva mphepo ya manja pakhungu. Mayi akanena kuti mwana wake sakumva, kawirikawiri amakhala akunena zoona, ndipo yankho loti "achedwa kulankhula ngati bambo ake" lachedwetsa ana ambiri kufikira zaka zoyamba sukulu.

Makina onama ndi mayeso a chiyankhulo china

Makina oyezera kamvedwe amasokonekera pang'onopang'ono osaonetsa chizindikiro. Ayenera kuwongoleredwa ndi amisiri ake kamodzi pachaka, ndipo wogwiritsa ntchito ayenera kudziyeza yekha m'mawa uliwonse kuti aone ngati zotsatira zake zasintha. Chipinda choyezeramo chikayandikana ndi jenereta kapena khonde lodikirira odwala, munthu womva bwino amatuluka ndi pepala losonyeza vuto.

Nkhani ina imene mabuku ochokera kunja sangaithetse ndi ya chiyankhulo. Kusamva kobwera ndi ukalamba, phokoso kapena mankhwala kumayamba ndi mawu osongoka monga s, f, ts ndi ch, pamene a, o ndi u amamvekabe. Munthu wotere amamva kuti wina akulankhula, amamvanso kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma samba, tsamba ndi chamba zimamufika ngati liwu limodzi. Ndiye chifukwa chake apabanja amati agogo amamva akafuna. Kuti vutoli liyezedwe bwino pamafunika mndandanda wa mawu a chiyankhulo chimene munthuyo amalankhula kunyumba, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka. Kuyeza agogo a kumudzi ndi mawu a Chingerezi ndi kuyeza sukulu imene sanapiteko. Imeneyi ndi ntchito imene akatswiri a m'dziko muno ayenera kuphunzitsana okha, ndipo aphunzitsi a ziyankhulo a m'boma lino akhoza kuthandizapo.

Pambuyo pa kuyeza

Phunziro lolemera kwambiri pa nkhaniyi linachokera ku Thyolo. Kumeneko ofufuza, motsogozedwa ndi Pulofesa Mulwafu, anaphunzitsa alangizi a zaumoyo za matenda a makutu, ndipo alangiziwo anapeza m'midzi anthu oposa 1,000 owaganizira kuti ali ndi vuto. Zinatsimikizika kuti mlangizi wophunzitsidwa bwino akhoza kugwira ntchitoyi. Koma kafukufuku wotsatira, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2017, anapeza kuti mwa ana 150 amene anatumizidwa ku Queen Elizabeth, asanu okha ndi amene anakafika, chonsecho Thyolo ndi boma loyandikana ndi Blantyre. Makolo anatchula mtunda, ndalama ya basi, ndalama ya chakudya panjira, ndi mantha a chipatala chachikulu chimene sanachionepo. Ena sanamvetse n'komwe kuti atumizidwa, kapena kuti apite liti ndi khomo liti. Ofufuzawo atayesa njira ina, ya kabuku ka zithunzi kosonyeza ulendo wonse, uphungu wochokera kwa mlangizi ndi kwa mayi amene mwana wake anathandizidwapo kale, komanso uthenga wokumbutsa wa pafoni, oposa theka la ana otumizidwa anakafika, ngakhale kuti gulu loyeserapolo linali laling'ono.

Palibe makina atsopano amene anagulidwa kuti chiwerengerocho chikwere chotero. Chinasintha ndi kalankhulidwe ndi kalondolondo. Maphunziro ambiri opitiriza amathera pa zipangizo chifukwa ndi zimene zimaoneka zapamwamba, koma luso lokhala pansi ndi mayi amene wangomva kuti mwana wake sadzamva, kumufotokozera popanda kumunamiza kapena kumutayitsa mtima, n'kumufunsa kuti abwereze zimene wamva, limafunika kuphunziridwa ndi kuyesezedwa mofanana ndi luso lina lililonse.

Chipangizo chothandizira kumva nacho si magalasi a pamsika oti munthu n'kungoyesa n'kunyamuka. Chimachunidwa pa kompyuta molingana ndi zotsatira za khutu la munthuyo, ndipo njira yodalirika ndi kuyeza mawu amene akufikadi mkati mwa khutu chitavalidwa. Kwa mwana zimenezi n'zofunika koposa, popeza ngalande ya khutu lake ndi yaing'ono ndipo mawu omwewo amamveka mokwera kuposa mwa munthu wamkulu. Kachikombole kolowa m'khutu kamachepa mwana akamakula, chipangizo n'kuyamba kulira ngati kherere, ndipo kwa khanda kamafunika kusinthidwa pakangopita miyezi yochepa. Batire limatha pakapita mlungu umodzi kapena iwiri, silipezeka pa golosale ya kumudzi, ndipo mwana wamng'ono akalimeza ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala. Chinyezi cha dzinja ndi thukuta zimawononga chipangizo ngati sichigona m'kabotolo kouma. Ubongo nawonso umafuna milungu ingapo kuti uzolowere. Masiku oyamba kulira kwa nkhuku ndi kugundana kwa mbale kumatopetsa, ndipo amene sanachenjezedwe amavula. WHO imati mwa anthu 100 alionse amene chipangizochi chingawathandize, 17 okha ndi amene amachigwiritsa ntchito. Ena mwa otsalawo analandirapo, pa mwambo wa tsiku limodzi wokhala ndi zolankhulalankhula ndi zithunzi, ndipo chipangizocho chili pansi pa sutikesi kuyambira tsiku limene batire loyamba linatha. Khonsolo ikamalandira alendo obwera ndi mphatso zotere, ili ndi ufulu wofunsa kuti adzachuna ndani, mabatire adzachokera kuti, ndipo chikawonongeka chidzapita kwa yani.

Makolo akhoza kuphunzitsidwa kuyesa chipangizo m'mawa uliwonse ndi mawu asanu ndi limodzi amene anasankhidwa ndi katswiri wina, Daniel Ling: m, u, a, i, sh ndi s. Kholo limaima kumbuyo kwa mwana n'kumatchula limodzilimodzi, mwana n'kumabwereza kapena kukweza dzanja. Mawuwa amayambira otsika mpaka osongoka, choncho limene lasowa limasonyeza pamene pavuta. Sipafunika ndalama iliyonse.

Kuli ana amene chipangizo sichingawafikitse pomva zolankhula, ndipo apa ndi pamene maganizo a akatswiri asintha kwambiri. Kale makolo ankaletsedwa kugwiritsa ntchito manja poopa kuti mwana achita ulesi wolankhula. Lero zikudziwika kuti choopsa kwa mwana ndi kukula wopanda chiyankhulo chilichonse, ndipo chiyankhulo chamanja ndi chiyankhulo chathunthu chokhala ndi malamulo ake. Ana osamva oposa 90 pa 100 alionse amabadwa kwa makolo omva, amene sanaonepo chiyankhulochi. Katswiri wa za kamvedwe amene sadziwa ngakhale kupereka moni ndi manja ali ndi phunziro lomudikira, ndipo aphunzitsi ake oyenera ndi anthu osamva eni ake, kudzera m'bungwe lawo la MANAD. Ayeneranso kudziwa njira yopita ku sukulu za ana osamva monga Mary View ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, komanso aphunzitsi a maphunziro apadera osulidwa ku Montfort amene ali m'sukulu za m'boma lino.

Ana ambiri a vuto la kumva, komabe, ali m'makalasi wamba, ndipo ambiri sanayezedwepo. Amakhala kumbuyo m'kalasi ya ana ochuluka, pansi pa denga la malata lopanda siling'i, ndipo mvula ikayamba phunziro latha. Amatchedwa ogona kapena amwano. Mphunzitsi amene wauzidwa kuti amuike mwanayo kutsogolo, khutu lomva bwino lili kumbali ya mphunzitsi, asalankhule atayang'ana kubolodi, ndipo nkhope yake ikhale powala, wachita kale mbali yaikulu ya thandizo. Kwa achikulire vutoli limawachotsa pang'onopang'ono pabwalo la mfumu, kutchalitchi, kumzikiti ndi pamaliro, ndipo akatswiri a magazini ya The Lancet anaika kusamva m'gulu la zinthu zopeweka zimene zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala a ukalamba.

Za phokoso zingonenedwa mwachidule. Malire odziwika a pantchito ndi madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu, ndipo pakawonjezeka madesibelo atatu nthawi yotetezeka imatsika ndi theka: maola anayi pa 88, awiri pa 91, mphindi 15 pa 100. Woyendetsa chigayo, wocheka matabwa, wokhoma ndowa ndi mnyamata wokhala pafupi ndi zimkuzamawu paukwati onse akukhudzidwa. Ziphaso za malo a malonda zimatuluka ku khonsolo, ndipo oyendera malowa akhoza kuphunzitsidwa ndi akatswiri omwewa kuyeza phokoso ndi kufunsa za zotsekera m'makutu.

Zimene zili m'manja mwa khonsolo

Zipangizo zophunzirira zilipo kale ndipo zambiri n'zaulere. Pa 3 Marichi 2023, tsiku lokumbukira za kamvedwe padziko lonse, WHO inatulutsa buku latsopano lophunzitsira ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za chisamaliro cha makutu, ndipo inanena kuti mavuto oposa 60 pa 100 alionse a makutu ndi kamvedwe akhoza kupezedwa ndi kuthandizidwa pa zipatala zoterezi. Maphunziro ena amaperekedwa pa intaneti. Chimene chimasowa ndi nthawi, bandulo, galimoto ndi munthu wotsala pa ntchito mnzake akachoka. Clinical officer wa za makutu akakhala yekha m'boma lonse, n'kumaikidwanso pa ndandanda ya usiku ya odwala ena onse, sangapite kukakhala mlungu umodzi pa kiliniki ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene angaphunzire zambiri poona odwala enieni pamodzi ndi katswiri kusiyana ndi kumvetsera zokamba m'holo.

Pamenepa pali chizolowezi chimene n'chodziwika m'maboma ambiri ngakhale sichitchulidwa m'malipoti. Kalata yoitanira ku maphunziro ikafika, dzina limene limalembedwa nthawi zina ndi la amene nthawi yake yolandira alawansi yakwana, osati la amene amagwira makutu a odwala. Wina amaphunzitsidwa, pakapita miyezi itatu n'kusamutsidwira ku wodi ina. Komiti ya zaumoyo ya khonsolo ikhoza kupempha kuti wotumidwa akhale wogwira ntchitoyo, akhalebe pa ntchitoyo kwa nthawi yogwirizana, ndipo akabwerako aphunzitse anzake pa msonkhano wa m'mawa wa pachipatala ndi pa mikumano ya alangizi a zaumoyo.

Ndalama zimene zikufunika si zoopsa poyerekeza ndi za nyumba kapena mlatho, koma zikapanda mzere wakewake mu dongosolo la pachaka la zaumoyo sizipezeka. Mzerewo ndi wa kuwongola makina kamodzi pachaka, tizipangizo tounikira m'khutu ndi mabatire ake pa chipatala chaching'ono chilichonse, madontho a m'khutu, mabatire a zipangizo zothandizira kumva, ndi mafuta oti katswiri wochokera ku chipatala chachikulu azibwera pa masiku odziwika, kudzaona odwala ndi kudzaphunzitsa pa ulendo womwewo. Makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC, amene ndiwo amayambitsa mndandanda wa zofuna za anthu, sakonda kutchula za makutu, mwina chifukwa amene akuvutika nazo sabwera kumisonkhano, ndipo akabwera samva zimene zikukambidwa. Womasulira chiyankhulo chamanja pa msonkhano wa khonsolo yonse ndi chinthu chimene bajeti ingathe kukwanitsa.

Pomaliza pali kaundula. Chipatala chilichonse chimalemba anthu amene chawatumiza kwina, koma n'zochepa zimene zimalemba amene anakafikadi. Tsamba limodzi la mizere inayi ndi lokwanira: dzina ndi mudzi, tsiku lotumizidwa, tsiku lofika, ndi zimene zinachitika patatha miyezi itatu, monga ngati chipangizo chikuvalidwabe kapena ngati mwana wayamba sukulu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndiye angadzaze mzere wachitatu ndi wachinayi pa maulendo ake a m'midzi, ndipo mkulu woona za umoyo ndi chisamaliro cha anthu angabweretse ziwerengerozo ku komiti miyezi itatu iliyonse, pamodzi ndi za katemera ndi za uchembere.